Kuphunzitsa Ana a Sukulu Kusoka Chofunda cha Zigamba cha Mwana Wamng'ono

Mawu Oyamba

Aphunzitsi ambiri amene angotuluka kumene ku koleji amachita mphwayi ndi phunziro la zosoka. Ena amati iwo eni sadziwa bwino kugwira singano, ena amati sukulu ilibe ndalama zogulira nsalu, ndipo ena amati ana achuluka m'kalasi kotero kuti n'kosatheka kuyang'anira dzanja la mwana aliyense. Chotsatira chake n'chakuti nthawi ya phunziroli ikakwana, ana amangokopera m'makope mayina a misoko imene mphunzitsi wajambula pa bolodi, n'kumaliza chaka chonse asanalowetseko ulusi pa singano. Mwana wotere akhoza kulemba mayeso n'kukhoza, koma batani la malaya ake likathothoka amasowa pogwira.

M'nkhani ino tifotokoza ntchito imodzi imene mphunzitsi wongoyamba kumene angathe kuigwira ndi ana a Sitandade 6 kapena 7 popanda makina osokera ndiponso popanda kuwononga ndalama zambiri. Ntchitoyi ndi yosoka chofunda cha zigamba cha mwana wamng'ono. Taisankha pa zifukwa zitatu. Choyamba, misoko yake yonse ndi yowongoka, kotero kuti wophunzira sasokonezeka ndi makhwawa a kolala kapena a mkono wa malaya. Chachiwiri, imagawika bwino pakati pa ana ambiri. Chachitatu, chinthu chimene chimatuluka pamapeto pake n'chofunika pakhomo, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimafika povuta m'madera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, ndiponso pamene chiperoni chimakuta Thyolo ndi Mulanje. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga kuposa munthu wamkulu, pakuti thupi lake ndi lochepa ndipo limataya kutentha mofulumira.

Chofunda Chimenechi N'chotani

Chofunda cha zigamba chili ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Ya pamwamba ndi yopangidwa ndi tizidutswa ta nsalu tolumikiza. Ya pakati ndi nsalu yofewa imene sioneka. Ya pansi ndi nsalu imodzi yathunthu imene imakhudza thupi la mwana. Nsalu zitatuzi zimasokedwa pamodzi ndi mizere ya ulusi yodutsa chofunda chonse. Chimene chimasunga kutentha kwenikweni ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo, osati kulemera kwa chofunda. Mfundo imeneyi ana aione ndi maso awo. Mphunzitsi athire madzi ofunda m'mabotolo awiri ofanana, limodzi alikulunge ndi nsalu imodzi, linalo ndi nsalu zitatu, ndipo pakatha theka la ola ana akhudze mabotolowo n'kunena chimene apeza.

Ndi bwino ana adziwe kuti luso limeneli silochititsa manyazi ngati kuti ndi la osowa okha. Ku Bengal, dera la ku Bangladesh ndi kum'mawa kwa India, amayi akhala akusanjikiza nsalu zawo zakale za thonje kwa zaka mazanamazana, n'kuzisoka ndi msoko woyenda wamba, ndipo zofunda zoterezi, zotchedwa kantha, amagonekapo makanda. Ku Gee's Bend, mudzi wa m'chigawo cha Alabama ku America, amayi achikuda, zidzukulu za anthu amene anali akapolo, ankasoka zofunda ndi zidutswa za zovala zakutha zogwirira ntchito. M'chaka cha 2002 zofunda zawo zidaonetsedwa m'nyumba yaikulu yoonetseramo zaluso mumzinda wa Houston, ndipo anthu adazitama ngati ntchito za akatswiri. Amayi amenewa analibe zipangizo zoposa zimene ife tingapeze pa sukulu ya kumudzi.

Zolinga za Ntchitoyi

Pakutha pa ntchitoyi mwana aliyense akhale atatha kuyeza ndi kudula chigamba cha mbali zinayi zofanana. Kusoka msoko woyenda wowongoka ndi wolimba. Kulumikiza zigamba kuti ngodya zake zikumane. Kugwira ntchito m'gulu mosadukiza. Ndiponso kufotokoza m'mene chofunda chiyenera kugwiritsidwira ntchito kuti chisavulaze mwana. Cholinga chomalizachi n'chachikulu ngati zinazo, ndipo tidzachifotokoza pachokha.

Zipangizo ndi Kapezedwe Kake

Gulu lililonse la ana asanu ndi atatu lifunika singano zisanu ndi zitatu, ulusi wa thonje woyera kapena wotuwa, sizasi imodzi yakuthwa, lula, pensulo, mapini ochepa, makatoni awiri oyezera, zidutswa za nsalu, nsalu ya pakati ndi nsalu ya pansi. Simbi imodzi ya makala ikwanira kalasi yonse, koma woigwira akhale mphunzitsi kapena ana awiri akuluakulu amene iye wawasankha.

Zidutswa za nsalu zimapezeka kwa atelala a pa khonde, amene kawirikawiri amazitaya kapena kuzigulitsa motchipa. Zitenje zakale ndi malaya a thonje a pa kaunjika zimathandizanso, malinga tidule malo olimba okha n'kusiya malo operepeseka. Nsalu ya pakati ikhale nsalu ya pabedi yakale kapena kabulangete kopyapyala. Tisaikemo thonje lomasula, chifukwa chofunda chikachapidwa limaunjikana n'kupanga zibuma. Tisaikemonso siponji kapena pulasitiki. Nsalu ya pansi ingakhale chitenje. Zitenje zambiri zimakhala pafupifupi mamita 2 m'litali ndi kupitirira pang'ono mita imodzi m'lifupi, kotero kuti chimodzi chingakwanire zofunda ziwiri, koma mphunzitsi ayeze kaye asanadule.

Posonkhanitsa nsaluzi pafunika nzeru. Mphunzitsi asalamule kuti mwana aliyense abweretse nsalu, ndipo asalembe mayina a obweretsa ndi osabweretsa. Pakhomo pena chitenje chakale ndicho chofunda cha usiku, ndipo mwana wa pakhomo potero akakakamizidwa amayamba kujomba. Makolo enanso sakonda kuti nsalu imene anaivala ichoke pakhomo n'kupita kwa anthu ena. Maganizo amenewa tiwalemekeze. Njira yabwino ndi kuika dengu limodzi pakona pa kalasi kuti aliyense amene ali nako kanthu aponyemo, ndipo zonse zikhale za kalasi. Mphunzitsi ayambe wakambirana ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu kuti makolo amve cholinga chake kuchokera kwa akuluakulu.

Nsalu zonse zikhale za thonje. Nsalu zoterera za nayiloni ndi zina zonga izo zimavuta kusoka, ndipo zikagwira moto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mphunzitsi akakayika, adule kachidutswa kakang'ono n'kukayatsa panja, iye yekha, ana akuonerera chapatali. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene nsalu zinazo zimafwanyala n'kusiya kachibulu kolimba. Nsalu zikasankhidwa zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa tisanadule. Kuchapaku kumachotsa litsiro, kumafupikitsa nsalu yatsopano isanasokedwe, ndiponso kumaulula nsalu yosuluka. Nsalu imene ikufiiritsabe madzi itatsukuluzidwa katatu ichotsedwe, chifukwa idzadetsa zigamba zinzake.

Masamu a Chofunda

Muyeso umene tikupereka pano ndi wa zigamba 48, zoyalidwa m'mizere 8 ya zigamba 6. Chigamba chilichonse chikasokedwa chioneke masentimita 12 mbali zonse. Popeza msoko umadya sentimita imodzi mbali iliyonse, chigambacho chidulidwe masentimita 14. Nsalu ya pamwamba ikalumikizidwa yonse idzakhala masentimita 74 m'lifupi ndi 98 m'litali, ndiye kuti 6 kuchulukitsa ndi 12 kuwonjezapo 2, ndiponso 8 kuchulukitsa ndi 12 kuwonjezapo 2. Nsalu ya pakati ipitirire pang'ono muyeso umenewu. Ya pansi ipitirire masentimita 5 mbali zonse, ndiye kuti ikhale 84 ndi 108.

Mphunzitsi asangopereka manambalawa. Awalembe ngati mafunso pa bolodi kuti ana awapeze okha. Funso lofunika koposa ndi ili: mwana wina akamasoka misoko ya sentimita imodzi ndi theka m'malo mwa sentimita imodzi, mzere wake udzakhala wautali bwanji? Pa msoko uliwonse zigamba ziwiri zimataya theka la sentimita chilichonse, kutanthauza sentimita yathunthu. Mzere wa zigamba 6 uli ndi misoko 5, choncho mzerewo udzafupika ndi masentimita 5, n'kukhala 69 pamene anzake ali 74. Ana akawerengera okha zimenezi amamvetsa chifukwa chake tikuumirira pa kuyeza, ndipo mphunzitsi sataya mawu pokalipa.

Ndondomeko ya Maphunziro

Ntchitoyi ifunika maphunziro asanu ndi atatu a nthawi ziwiri zotsatizana, limodzi pa sabata. Motero iyambike miyezi iwiri Juni asanafike, kuti zofunda zikafike kwa eni ake chisanu chisanathe.

Phunziro loyamba ndi lozolowera singano. Mwana aliyense alandire kansalu koyeserera kojambulidwa mizere itatu ya pensulo. Ulusi utalike kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, chifukwa wautali kuposa apo umapotana n'kumanga mfundo. Mphunzitsi aonetse msoko woyenda pa thumba la chiguduli pogwiritsa ntchito singano yaikulu ndi chingwe chakuda, kuti ndi okhala kumbuyo omwe aone m'mene singano ikulowera ndi kutulukira. Ana ayese kuika timisoko titatu pa sentimita iliyonse, ndipo akasoka timisoko tinayi kapena tisanu abwerere m'mbuyo kamodzi. Kubwereraku ndiko kumaletsa msoko wonse kumasuka ulusi ukaduka pamalo amodzi. Ana amanzere asakakamizidwe kugwira singano ndi dzanja lamanja. Iwo asoke kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo powaonetsa mphunzitsi akhale moyang'anana nawo.

Phunziro lachiwiri ndi lodula zigamba. Mphunzitsi akonzeretu makatoni oyezera ndi dzanja lake, lalikulu la masentimita 14 ndi laling'ono la masentimita 12, ndipo aonetsetse kuti ngodya zake n'zolunjika poziyerekeza ndi ngodya ya buku. Ana awauze kuti makatoniwa ali ngati chikombole cha njerwa: chikombole chikapindika, khoma lonse limapindika. Katoni lalikulu liikidwe kuseri kwa nsalu motsatira ulusi wa nsaluyo, osati chopingasa, pakuti chigamba chodulidwa chopingasa chimatamuka n'kutaya maonekedwe. Akajambula ndi kudula, aike katoni laling'ono pakati penipeni pa chigambacho n'kujambulanso. Mzere wachiwiriwu ndiwo njira ya singano. Popeza sizasi ndi imodzi, ana agawane ntchito: awiri ajambule, mmodzi adule, awiri ajambule mzere wamkati, awiri ayeze zigamba zodulidwa, ndipo mmodzi awerenge. Azisinthana pakapita kanthawi.

Phunziro lachitatu ndi loyala maonekedwe. Gulu liyale zigamba zake 48 pa mphasa kapena pa mkeka. Njira yapafupi kwa oyamba kumene ndi kupatula zigamba 24 zowala ndi 24 zakuda, n'kuziyala mosinthanitsa ngati bolodi la dirafuti. Ana aime patali pang'ono n'kuyang'ana ngati mtundu wina waunjikana mbali imodzi. Pano mphunzitsi adziletse, asawasankhire. Ana amakangana pa za mitundu, ndipo kukanganako ndi gawo la phunziro. Akagwirizana, mwana aliyense atole mzere wake wa zigamba 6 mwa ndondomeko yake, abayepo kapepala ka nambala ya mzerewo pa chigamba choyamba. Osalemba manambala amadzalira sabata yotsatira.

Phunziro lachinayi ndi lachisanu ndi olumikiza zigamba m'mizere. Mwana aphatikize zigamba ziwiri kumaso kwake kukuyang'anana, abaye pini pangodya za mzere wa pensulo kuti mizere ya zigamba ziwirizo ilingane, ndipo asoke motsatira mzerewo kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Ayambe ndi mfundo, amalize ndi timisoko tiwiri tobwerera pamalo amodzi. Akatha msoko woyamba aonetse mphunzitsi asanapitirize. Kuona msoko umodzi wa mwana aliyense kumatenga kanthawi kochepa, pamene kumasula misoko isanu yolakwika kumadya phunziro lonse ndi mtima wa mwana womwe. Mizere ikatha iyezedwe ndi kusitidwa. Misoko ya mzere woyamba igonekedwe kumanja, ya wachiwiri kumanzere, ya wachitatu kumanja, mpaka mzere womaliza. Tikatero, polumikiza mizere misoko imalowana bwino ndipo sipakhala chibuma cholepheretsa singano kudutsa.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi ndi lolumikiza mizere. Ana agwire awiriawiri: mzere woyamba ndi wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi, chimodzimodzi mpaka wachisanu ndi chitatu. Abaye mapini pamene misoko ikukumana, kenaka wina ayambe kusoka kumapeto kuno, wina kumapeto uko, akumane pakati. Zigawo zinayi zimene zatuluka zilumikizidwe kukhala ziwiri, ziwirizo kukhala chimodzi. Pamene ena akusoka, otsalawo ayeze ndi kudula nsalu ya pakati ndi ya pansi, kuti pasakhale manja ongokhala.

Phunziro lachisanu ndi chiwiri ndi losanjikiza ndi kuphatikiza. Nsalu ya pansi iyalidwe pa tebulo kapena pa simenti yosesa bwino, kumaso kwake kuyang'ane pansi. Pamwamba pake paikidwe ya pakati, kenaka ya zigamba, kumaso kwake kuyang'ane kumwamba. Ana asalaze makwinya ndi zikhatho kuchokera pakati kupita m'mbali. Kenaka agwirize nsalu zitatuzo ndi misoko italiitali ya ulusi wa mtundu woonekera, kuyambanso pakati kupita m'mbali zonse. Misoko yogwirizayi idzachotsedwa ntchito ikatha, koma ikasowa nsalu zimatsetsereka ndipo pansi pamachita mapindo. Zikagwira, ajambule ndi choko ndi lula mizere yopingasa yodutsa ngodya ndi ngodya za zigamba, mbali zonse ziwiri. Mizere yotere imatalikirana pafupifupi masentimita 8 ndi theka, mtunda wokwanira kugwira nsalu ya pakati kuti isaunjikane. Ana anayi angathe kusoka nthawi imodzi atazungulira chofunda, aliyense kuchokera pakati kulowera kwake. Singano idutse nsalu zonse zitatu, ndipo mwana aziyang'ana kuseri kuti aone ngati ulusi watulukira. Mfundo isatsale kunja. Aikoke pang'ono kuti ilowe n'kubisala mu nsalu ya pakati. Gawo limeneli ndilo lalitali, ndipo magulu ena adzafuna kulimaliza madzulo ataweruka. Tiwakumbutse kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro lachisanu ndi chitatu ndi lopendera. Nsalu ya pakati idulidwe kuti ilingane ndi ya zigamba, mosamala kuti sizasi isalume ya pansi. Ya pansi idulidwe kuti itsale masentimita 3 mbali zonse. Mbali yotsalayo ipindidwe pakati, kenaka ipindidwenso kukwera pamwamba pa zigamba, n'kusokedwa ndi timisoko tating'ono toyandikana. Pangodya, nsonga ipindidwe kaye kulowa mkati mbali ziwirizo zisanapindidwe. Pomaliza achotse ulusi wogwiriza, ndipo chofunda chichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

Kusunga Bata ndi Kupewa Ngozi M'kalasi

Kalasi ya ana 64 ili ndi magulu 8. Ngati nsalu n'zochepa, magulu awiri aphatikizane pa chofunda chimodzi, mwana aliyense asoke zigamba zitatu, n'kulumikiza theka la mzere wake ndi la mnzake. Gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wosunga singano pa kansalu kolembedwa nambala ya gululo. Singano ndi mapini ziwerengedwe poyamba ndi pomaliza pa phunziro, ndipo mwana asatuluke chiwerengero chisanakwane. Ana ambiri amakhala pansi ndipo ena alibe nsapato, choncho singano yotayika ndi ngozi. Mwana asaike singano kapena pini pakamwa. Wobayidwa asambe ndi sopo, ndipo singano imene yamubaya iikidwe padera kufikira itatsukidwa bwino. Kunja kukawala, kusokera pansi pa mtengo kumaposa kusokera m'chipinda cha mdima, malinga ana akhale pa mphasa.

Anyamata ena adzanena kuti kusoka ndi ntchito ya atsikana. Mphunzitsi asakwiye. Awafunse kuti atchule atelala amene akuwadziwa pa msika wapafupi, ndipo adzaona okha kuti ambiri mwa iwo ndi abambo amene amadyetsa mabanja awo ndi singano. Ngati n'kotheka aitane telala mmodzi kuti adzaonetse ana kadulidwe ka nsalu. Magulu akhale osakaniza, ndipo mphunzitsi aonetsetse kuti atsikana sakusokera anyamata mizere yawo pamene anyamatawo angogwira lula.

Chitetezo cha Mwana Wolandira Chofunda

Apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kusamala koposa, pakuti chinthu chosokedwa ndi mtima wabwino chingathe kuvulaza mwana. Pa chofunda pasasokedwe mabatani, mikanda, timaliboni kapena zingwe zolendewera. Mwana amaika m'kamwa chilichonse chimene wagwira, ndipo batani lothothoka lingamutsamwitse. Ulusi wautali wosiyidwa ungakulunge kachala kake n'kutsekereza magazi. Chofunda chisanatuluke m'kalasi, ana awiri achipapase ndi zikhatho mbali zonse kufunafuna pini yoiwalika, kenaka mphunzitsi achipapasenso yekha.

Mfundo ina ndi ya kagonedwe. Akatswiri a zaumoyo wa ana amalangiza kuti khanda losakwana chaka chimodzi ligone chagada pamalo osalala ndi olimba, nkhope ili poyera, popanda pilo kapena zofunda zochindikala zimene zingaphimbe mphuno ndi kamwa. Khanda silingathe kudzichotsera nsalu kumaso monga achitira mwana wamkulu. Kulifunditsa mopitirira muyeso nakonso n'koopsa. Motero chofunda chathu, kwa mwana wosakwana chaka, chigwire ntchito yoyala pa mphasa pamene mwanayo ali maso ndipo wamkulu ali pafupi, kapena yomufunditsa ali m'manja mwa mayi ake pa mzere wa ku sikelo m'mawa wozizira, nkhope ili pamtunda. Usiku khanda livekedwe zovala zofunda. Mwana akapitirira chaka angathe kufunda chofundachi pogona. Tiwonjezenso kuti chofunda sichilowa m'malo mwa neti yoteteza ku udzudzu, ndipo chisayandikire mbaula, koloboyi kapena kandulo.

Mfundo zimenezi ana azilembe pa kapepala ndi dzanja lawo, ndipo kapepalako kapite pamodzi ndi chofunda. Ambiri mwa ana athuwa ndiwo amalera ang'ono awo makolo akapita kumunda, kotero kuti phunziro limeneli limafika pakhomo tsiku lomwelo.

Posankha olandira, mphunzitsi asafunse ana kuti atchule amayi oyembekezera a m'mudzi mwawo. M'mabanja ambiri za mwana wosabadwa sizikambidwa poyera, ndipo mphatso yotere ingakhumudwitse. Zofunda zipite kwa ana obadwa kale amene atuluka m'chikuta. Komiti ya sukulu, mothandizana ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, ndiyo isankhe mabanja, ndipo kupereka kuchitike mwaulemu, mosaonetsa umphawi wa munthu pagulu.

Zovuta Zimene Zimaoneka Kawirikawiri

Nsalu ikamakwinyika motsatira msoko, ndiye kuti mwana akukoka ulusi kwambiri. Asalaze msokowo ndi chala asanamange mfundo. Ngodya zikapanda kukumana, tiyang'ane katoni loyezera, chifukwa m'mphepete mwake mumadyeka ndi pensulo ndipo limachepa. Pakaoneka mpata pakati pa zigamba chofunda chikakokedwa, timisoko tatalikirana, ndipo mwana abwerezenso mzere womwewo osamasula woyambawo. Mzere ukafupika ndi sentimita imodzi yokha, ungathe kukokedwa pang'ono polumikiza. Ukafupika kuposa apo, tipeze msoko umene wadya kwambiri n'kumasula umodzi womwewo. Mphunzitsi asamasule ntchito ya mwana pamaso pa anzake, ndiponso asaisoke yekha usiku kuti chofunda chikongole. Chofunda chokhota pang'ono chosokedwa ndi ana chili ndi phindu loposa chowongoka chosokedwa ndi mphunzitsi.

Kuyesa Ntchito ya Ana

Popeza mzere uliwonse uli ndi mwini wake, mphunzitsi angathe kupereka malikisi kwa mwana payekha ngakhale ntchito ili ya gulu. Ayang'ane zinthu zinayi: kutalika kwa mzere poyerekeza ndi masentimita 74, kulingana kwa timisoko, kulimba kwa msoko ukakokedwa, ndi ukhondo wa nsalu. Asunge kansalu koyeserera ka phunziro loyamba kuti akayerekeze ndi msoko womaliza wa mwanayo, pakuti chimene tikuyesa kwenikweni ndi mtunda umene dzanja lake layenda. Gulu lilandire malikisi apadera pa kugwirizana ndi kusunga zipangizo. Pomaliza mwana aliyense ayankhe pakamwa funso limodzi la chitetezo cha khanda.

Mafunso Okambirana kwa Ophunzira Zauphunzitsi

1. Mukafuna chofunda cha mwana wa zaka zinayi cha mizere 10 ya zigamba 8, mudzafuna zigamba zingati, ndipo nsalu ya pansi idzakhala ya muyeso wanji?
2. Sukulu yanu ili ndi singano 20 zokha ndipo ana ndi 70. Mungakonze bwanji phunziro lachinayi kuti mwana aliyense asoke?
3. Kholo labwera kudzadandaula kuti mwana wake wamwamuna akutaya nthawi ndi singano. Mudzaliyankha chiyani?
4. Mungathandize bwanji mwana amene saona bwino kapena amene dzanja lake limanjenjemera kuti akhale ndi gawo lenileni pa ntchitoyi?

Mawu Omaliza

Tikulangiza wophunzira zauphunzitsi aliyense kuti asoke yekha kachofunda ka zigamba 9, mizere itatu ya zigamba zitatu, asanapite kukayeserera kuphunzitsa. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo ochepa chabe, koma idzamuonetsa pamene ulusi umapotana, pamene ngodya zimakana kukumana, ndi pamene chala chimayamba kuwawa. Akadzaima pamaso pa ana adzadziwa malo oyenera kuchedwapo, ndipo kachofundako kadzakhala chitsanzo chopatsirana m'manja pa tsiku loyamba. M'mera ndi poyamba. Mwana amene wasoka mzere wake wa zigamba 6 n'kuuona utalowa bwino pakati pa mizere ya anzake sadzaopanso singano, ndipo yunifolomu yake ikadzang'ambika adzaisoka yekha madzulo omwewo.